Mame amene sanakamuke: tsankho ndi moyo wa obwera ku Germany

Kwathu funso loti "mumachokera kuti?" ndi moni chabe. Mukakhala mpando umodzi m'basi mumafunsana za kumudzi, mfumu yanu ndani, ndipo ulendo usanafike pakati mwapezana kuti agogo anu ankatunga chitsime chimodzi. Ku Germany funso lomweli lili ndi mano. Mtsikana wakuda wobadwira ku Dortmund, amene ngakhale kutulo amalota m'Chijeremani, akayankha kuti "ku Dortmund," wofunsa uja amamwetulira n'kubwereza: "Ayi, ndikuti kwenikweni mumachokera kuti?" Kawirikawiri wofunsayo sakhala ndi mtima woipa, amangofuna macheza. Koma m'mawu oti kwenikweniwo, amene eniake amati wirklich, mwabisala ganizo lakale loti Mjeremani amaoneka mwakutimwakuti, ndipo wosaoneka choncho ndi wapaulendo, tsiku lina adzamanga katundu wake.

Chiwerengero cha anthu chikutsutsana ndi ganizoli. Dzikoli lili ndi anthu oposa 83 miliyoni, ndipo oposa mmodzi mwa anayi alionse ali ndi chimene boma limachitcha Migrationshintergrund, kutanthauza kuti iwo eni kapena mmodzi mwa makolo awo sanabadwe ali nzika ya Germany. Pakati pa ana aang'ono gawoli n'lalikulu kuposa apa. Ochokera ku Africa pamodzi ndi ana awo amaposa miliyoni imodzi. Nanga dziko lodzaza ndi obwera chonchi likudabwabe chiyani likaona nkhope yakuda ikulankhula chilankhulo chake?

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ajeremani mwambiwu saudziwa, koma kwa zaka makumi angapo ankachita ngati anaulemba okha. Nkhondo yachiwiri itatha, mafakitale a ku West Germany anasowa manja, ndipo boma linayamba kulemba antchito kunja: Italy mu 1955, Spain ndi Greece mu 1960, Turkey mu 1961, kenako Morocco, Portugal, Tunisia ndi Yugoslavia. Anawapatsa dzina loti Gastarbeiter, antchito achilendo. Amene agogo awo anapita ku Wenela kapena ku Theba mchitidwewu akuudziwa: bwera ndi manja ako, mkazi ndi ana siya kumudzi, gona m'komponi, kontrakiti ikatha uzipita. Pofika 1973, pamene kulembako kunaimitsidwa, anthu pafupifupi 14 miliyoni anali atabwera ndipo pafupifupi 11 miliyoni anabwereradi. Otsalawo anaitanitsa mabanja awo. Boma silinavutike kuwaphunzitsa chilankhulo, poti mlendo wopita mawa umamuphunzitsiranji? Mu 1982 boma la Helmut Kohl linalemba m'pangano lake kuti Germany si dziko losamukirako anthu, ndipo chaka chotsatira linayamba kupereka ndalama zokwana 10,500 za nthawiyo, zotchedwa Mark, kwa wantchito wovomera kubwerera kwawo. Ambiri anakana. Ana awo anali kale kusukulu.

Lamulo la unzika nalo linali la magazi. Linalembedwa mu 1913, ndipo limati Mjeremani ndi wobadwa kwa Mjeremani. Mdzukulu wa anthu amene anasamukira ku Russia zaka 200 zapitazo ankatha kulandira pasipoti atangofika, pamene mwana wa Mteki wobadwira ku Köln, wosadziwa dziko lina lililonse, ankakhalabe Ausländer, munthu wakunja. Zinasintha m'chaka cha 2000, pamene ana obadwira m'dzikomo anayamba kulandira unzika ngati makolo awo akhalitsa. Koma lamulo limasintha tsiku limodzi, maganizo a anthu amatsalira m'mbuyo ngati mbuzi yokokedwa pa chingwe.

Mbali ya kum'mawa, East Germany ya chikomyunizimu, ili ndi mbiri yakeyake, ndipo imakhudza anansi athu. Mu 1979 inasainirana pangano ndi Mozambique, ndipo achinyamata oposa 17,000 a m'dzikolo anapita kukagwira ntchito m'mafakitale, m'migodi ya malasha ndi m'malo ophera nyama. Panalinso a ku Vietnam, Angola ndi Cuba. Pakamwa boma linkati ndi ubale wa mayiko, koma anthuwa ankasungidwa m'mahositelo awoawo, kucheza ndi eni dziko sikunkalimbikitsidwa, ndipo mkazi akatenga pakati ankasankha pakati pochotsa kapena kubwezedwa kwawo. Gawo la malipiro a anthu a ku Mozambique linkadulidwa powalonjeza kuti akalipeza kwawo, pamene zambiri zinapita kukabweza ngongole ya boma lawo. Amenewa ndi amene ku Maputo amatchedwa Madgermanes, ndipo kwa zaka zoposa 30 akhala akuguba Lachitatu lililonse kufuna ndalama zawo, atanyamula mbendera za dziko limene kulibenso.

Khoma la Berlin litagwa mu 1989 n'kugwirizana mbali ziwirizi mu 1990, mafakitale a kum'mawa anatsekedwa motsatizana, ndipo mkwiyo unagwera mlendo. Amadeu Antonio wa ku Angola anamenyedwa ku Eberswalde mu November 1990 n'kumwalira patapita masiku ochepa. Jorge Gomondai wa ku Mozambique anafa ku Dresden mu April 1991 atagwa kuchokera m'sitima ya m'tauni momwe gulu la anyamata atsankho linamuukira. Mu September chaka chomwecho, ku Hoyerswerda, khamu linazinga nyumba za antchito a ku Mozambique ndi Vietnam masiku angapo, ndipo mapeto ake ochotsedwa m'taunimo pa mabasi anali ozingidwawo, osati ozinga. Ku Rostock mu August 1992 anthu zikwi anaimirira n'kumaombera m'manja nyumba ikuyaka, m'kati muli anthu a ku Vietnam oposa 100. Kuti palibe anafa ndi mwayi chabe. Kumadzulo nako moto unayaka: anthu atatu ku Mölln mu 1992, asanu a banja limodzi ku Solingen mu 1993, onse ochokera ku Turkey. Ajeremani ambiri zinawanyansa, ndipo ku Munich anthu oposa 300,000 anaima m'misewu ndi makandulo. Koma chimene aphungu anachita mu 1993 n'kupanikiza lamulo lolandira othawa kwawo. Obwera anamva uthenga wake.

Nkhani imene inaswa chikhulupiriro kwambiri ndi ya gulu la zigawenga zatsankho lotchedwa NSU. Pakati pa 2000 ndi 2007 linapha anthu khumi: asanu ndi atatu ochokera ku Turkey, mmodzi ku Greece, ndi wapolisi wamkazi mmodzi. Ambiri anali eni timashopu, wina wogulitsa maluwa, wina telala. Kwa zaka zonsezo apolisi ankafufuza mabanja a ophedwawo, kufunsa amasiye ngati amuna awo ankagulitsa mankhwala ozunguza bongo kapena anali ndi zibwenzi zamseri. Achibale ankanena kuti awa ndi achipani cha Nazi amakono, osamvedwa. Choonadi chinatulukira mwangozi mu November 2011, awiri mwa akuphawo atalephera kuthawa ataba kubanki. Ndiye mukamva wobwera akunena kuti vuto si anyamata atsankho ometa mpala okha koma maofesi omwe, dziwani kuti akukumbukira zimenezi. Ku Hanau pa 19 February 2020 munthu mmodzi anawombera n'kupha anthu asanu ndi anayi, kuwasankha chifukwa cha maonekedwe. Bungwe lotchedwa ndi dzina la Amadeu Antonio limawerenga anthu oposa 200 ophedwa ndi anthu amaganizo otere kuyambira 1990. Boma limavomereza pafupifupi theka la chiwerengerocho.

Komabe ndikanama ndikati moyo wa wobwera ndi wothawa zibakera tsiku ndi tsiku. Ambiri amatha zaka osakhudzidwa ndi chala. Chimene chimatopetsa ndi china, ndipo choyamba kuphunzira n'kusiyanitsa tsankho ndi khalidwe la eni dziko, pakuti zimafanana nkhope.

Mwezi wanga woyamba ndinapeza kapepala pachitseko. Panalibe moni, panalibe dzina. Kankati mabotolo satayidwa m'bini ya mapepala, ndiponso Lamlungu si tsiku lokhoma misomali. Ndinakhala pansi mtima uli phaphapha, n'kumati anthuwa andiona khungu. Anthu ake omwewa ndi amene ndinkawapatsa moni pamasitepe iwo n'kungogwedeza mutu ngati wawapempha ngongole. Patapita milungu iwiri ndinaona kapepala ka dzanja lomwelo pachitseko cha mnyamata wachizungu wa chipinda chapansi, kokalipira nsapato zosiyidwa m'khonde. Apo m'pamene ndinazindikira kuti gogo wolembayo sasankha, amalonda aliyense. Mjeremani amakuuza cholakwa chako mosazungulira, osayamba ndi "pepani bambo". Sabwera kwanu popanda kupangana tsiku, ngakhale kwa dokotala kapena kuofesi ya boma sulowa popanda Termin, nthawi yopanganiratu. Amatha zaka khumi akuitanizana ndi mnzake wapantchito kuti Sie, ulemu wofanana ndi "inu" wathu, koma kwa iwo ulemuwo ulinso mpanda. Munthu wokulira kumene mlendo amapatsidwa mpando ndi madzi asananene chimene wadzera amaona ngati akudedwa. Nthawi zambiri sakudedwa. Akungosiyidwa, monga amasiyirana okhaokha.

Tsono vuto lake, khalidwe lomweli limasanduka chobisalira. Ukadandaula amati, "Ifetu timatero ndi aliyense." Nthawi zina n'zoona. Nthawi zina ayi, ndipo umadziwira pakhomo pamene pali chinthu chofunika: nyumba, ntchito, sukulu.

Ndinafunapo nyumba ya lendi kwa miyezi inayi. Tsiku lina ndinaimba foni pa nyumba imene inali itangolengezedwa m'mawa womwewo. Mayi woyankha anali wansangala mpaka pamene anati, "Dzina lanu ndani?" Nditatchula, ndinamva kupuma kwake kusintha. "Pepani, yatengedwa kale." Mnzanga wa dzina lachijeremani anali pompo akumwa khofi. Anaimba patapita mphindi khumi, n'kuuzidwa kuti abwere Lachinayi adzaione. Anachita manyazi kuposa ine. Ndipo iyi si nkhani ya ine ndekha. Mu 2017 atolankhani a wailesi ya BR ndi magazini ya Der Spiegel anatumiza makalata pafupifupi 20,000 ofunsira nyumba, ofanana zonse kupatula dzina, ndipo maina achiarabu ndi achiteki ankayankhidwa mochepa. Pa ntchito, katswiri wa zachuma Doris Weichselbaumer anatumiza makalata pafupifupi 1,500 a munthu mmodzi, chithunzi chimodzi, maphunziro amodzi. Atalembedwa kuti Sandra Bauer anaitanidwa ka 19 pa 100 alionse. Atalembedwa kuti Meryem Öztürk, ka 14. Meryem yemweyo atavala mpango wachisilamu, ka 4 kokha.

Kusukulu n'kumene kumandiopsa kwambiri, chifukwa chipata chake chimafika msanga. M'zigawo zambiri mwana akamaliza kalasi 4, ali ndi zaka khumi zokha, amapatulidwa: ena ku Gymnasium, njira ya ku yunivesite, ena kusukulu zolozera ntchito zamanja. Mawu a mphunzitsi amalemera kwambiri pa chisankhochi. Ofufuza a pa yunivesite ya Mannheim mu 2018 anapatsa aphunzitsi ophunzira ntchito pepala limodzi la zolakwa zofanana; lolembedwa dzina loti Murat linapatsidwa malikisi otsika kuposa la Max. Kholo lobwera limene silidziwa kuti lingatsutse, kapena limene linaleredwa kuti mphunzitsi satsutsidwa, limangovomera, mwana n'kulowa njira imene kutulukamo n'kovuta.

Za apolisi, anthu akuda ambiri amasimba zofanana: m'sitima yodzaza, wofunsidwa mapepala ndi iwo okha. Khoti lina lalikulu ku Koblenz linanena mu 2012 kuti kufunsa munthu mapepala chifukwa cha khungu n'kuphwanya malamulo oyendetsera dziko, koma madandaulo sanathe. Ndipo dzina la Oury Jalloh wa ku Sierra Leone limatchulidwabe chaka chilichonse pa 7 January. Anapsa mu selo ya apolisi ku Dessau mu 2005, manja ndi miyendo zitamangidwa. Boma linati anadziyatsa yekha. Abale ake ndi akatswiri amene iwo anawafunsa akukana mpaka lero. Kafukufuku wa bungwe la European Union loona za ufulu, wotulutsidwa mu 2023, anapeza kuti mwa anthu akuda ofunsidwa ku Germany, oposa 70 pa 100 alionse anasalidwapo m'zaka zisanu zapitazo, chiwerengero chokwera kuposa pafupifupi mayiko onse 13 ofufuzidwa.

N'chifukwa chiyani n'kovuta kukambirana zimenezi ndi Mjeremani wamba? Apa pali chododometsa. Ndi mayiko ochepa amene anayang'ana tchimo lawo m'maso monga Germany inachitira ndi kuphedwa kwa Ayuda 6 miliyoni. Ana amaphunzira kusukulu, ndipo m'misewu muli timiyala ta mkuwa tolembedwa maina a anthu amene anatengedwa m'nyumba zimenezo. Koma zotsatira zake, ambiri mawu oti Rassismus, kutanthauza kusankhana mitundu, amawamva ngati dzina lina la Hitler. Ukangouza mnzako kuti mawu amene wanenawo ndi atsankho, iye amamva kuti wamutcha wa Nazi, amatupa, ndipo mumathera kupepesa ndinu. Tsankho laling'onoling'ono, losafuna yunifomu, limasowa dzina. Mbiri ya utsamunda nayo inakhala pakona nthawi yaitali. Africa anagawidwa pa tebulo ku Berlin mu 1884 ndi 1885. Aherero ndi Anama a ku Namibia anapululidwa pakati pa 1904 ndi 1908, koma Germany inavomereza kuti kunali kupulula mtundu mu 2021 mokha. Tanzania ya lero inali m'manja mwawo, n'chifukwa chake asilikali awo anafika mpaka pa Karonga mu September 1914, kumene manda awo alipobe. Wachinyamata wa ku Stuttgart mukamuuza zimenezi amadabwa.

Nanga boma likamati Integration, kulowerera kwa obwera m'moyo wa dzikolo, limatanthauza chiyani? Kuyambira 2005 pali maphunziro a obwera: maola 600 a chilankhulo ndi maola 100 a malamulo, mbiri ndi chikhalidwe, kufikira mlingo wapakati wa chilankhulo wotchedwa B1. Wofuna unzika amayenera kukhala wodzidyetsa yekha, wopanda mlandu waukulu, ndi kukhoza mafunso 17 mwa 33 pa mayeso a unzika. Kuyambira June 2024 zaka zodikira zinatsika kuchoka pa 8 kufika pa 5, ndipo munthu sakakamizidwanso kutaya pasipoti ya kwawo. Izi n'zabwino, ndipo pa chilankhulo ndili mbali ya Ajeremani. Ndaona anzathu okhala zaka khumi akudalira Chingelezi, akucheza ndi a kwawo okha, kalata ya boma ikafika n'kumathamangira mwana wa sitandade 5 kuti awawerengere. Oterowo amapanikizika kawiri, pakuti sangathe n'kudziteteza komwe. Mabwenzi m'dzikoli sapezeka pamsewu, amapezeka mu Verein, timagulu ta mpira, kwaya, ozimitsa moto ongodzipereka, olima timadimba. Tilipo toposa 600,000. Wolowamo amaona chitseko china chikutseguka.

Chimene ndimakana n'chakuti mayeso onse alembedwe ndi wobwera yekha. Chilankhulo, ntchito, msonkho, zonsezi zimayezeka. Koma palibe sikelo yoyezera mwininyumba uja. Katswiri wa mpira Mesut Özil, wa makolo achiteki, anabadwira ku Gelsenkirchen, anathandiza kutenga chikho cha dziko lonse mu 2014, analandirapo mphotho ya Integration imene. Posiya timu ya dziko mu 2018, pa mkangano wa chithunzi chake ndi pulezidenti Erdoğan wa ku Turkey, ananena kuti akapambana ndi Mjeremani, akagonja ndi wobwera. Chithunzicho ambiri anachidzudzula pa zifukwa zomveka, koma mawu akewo anagwira mitima ya anthu amene mpira sauonera n'komwe. Zaka ziwiri izi zisanachitike, Alexander Gauland wa chipani cha AfD anali atanena kuti anthu amamukonda wosewera wakuda Jérôme Boateng pabwalo koma sangafune akhale neba wawo. Boateng ndi wobadwira ku Berlin.

Chipani cha AfD chimenecho chinayamba mu 2013 ngati chodana ndi ndalama ya euro, koma chinanenepa ndi nkhani ya obwera. Mu 2015 mtsogoleri wa boma pa nthawiyo, Angela Merkel, anati "Wir schaffen das," tikwanitsa, ndipo othawa nkhondo pafupifupi 890,000 analowa chaka chimenecho, ambiri ochokera ku Syria. Anthu wamba anawachingamira kusiteshoni ndi madzi ndi zovala. Kenako kunabwera usiku wa chaka chatsopano ku Köln, pamene akazi mazanamazana anagwidwagwidwa mwachipongwe ndi kuberedwa ndi magulu a amuna, ambiri ochokera kumpoto kwa Africa, ndipo mphepo inatembenuka. Nkhawa zina n'zenizeni: nyumba n'zosowa, makhonsolo analemedwa, ndipo ziwembu monga cha ku Solingen mu August 2024, pamene munthu wa ku Syria anabaya anthu atatu mpaka kufa, si zopeka. Kungoti wobwera mmodzi akalakwa onse amanunkha, pamene wa ku Hanau uja ankatchedwa munthu wosokonezeka mutu, payekha. Zoti pafupifupi awiri mwa atatu a amene anafika mu 2015 anali pa ntchito patatha zaka 9 sizimveka kwambiri. AfD inapeza mavoti 12.6 pa 100 alionse mu 2017, ndipo mu February 2025 inapeza 20.8 n'kukhala yachiwiri. Mphamvu zake zili kum'mawa, kumene obwera ndi ochepa kwambiri. Mu January 2024 atolankhani a Correctiv ataulula za msonkhano wa ku Potsdam wokambirana za Remigration, kuthamangitsa anthu ochuluka ngakhale ena okhala ndi unzika, anthu oposa miliyoni anadzaza misewu kutsutsa. Germany zonse ziwirizi zilipo, ndipo zimakwera basi imodzi.

Walira mvula walira matope. Dzikoli likukalamba, ndipo akatswiri a boma lenilenilo amati likufunika anthu obwera pafupifupi 400,000 pachaka kuti ntchito ziziyenda. Mwa madokotala akunja, ochuluka ndi a ku Syria. M'nyumba zosamalira okalamba, wosambitsa agogo kawirikawiri ndi wa ku Poland, Philippines kapena ku Africa. Mu 2024 anakhazikitsa chilolezo cha Chancenkarte choti munthu abwere kudzafuna ntchito, n'kusainirana pangano ndi Kenya. Dzanja lina likukodola, lina likuloza kuchitseko.

Wosalidwa ali ndi pogwira, ngakhale n'pochepa. Lamulo la 2006 lotchedwa AGG limaletsa tsankho pa ntchito, pa nyumba ndi pa malonda, ndipo kuli ofesi ya boma yolandira madandaulo otere. Koma nthawi yodandaulira ndi miyezi iwiri yokha, umboni uyenera kuyamba ndi iwe, ndipo lamuloli silikhudza mokwanira maofesi a boma monga polisi ndi sukulu. N'chifukwa chake okhalitsa amalangiza watsopano kuti alembe tsiku, nthawi ndi mawu enieni, asunge kalata iliyonse. M'dziko la mapepala, misozi yopanda pepala siiwerengedwa.

Zina zikusuntha ndithu. Ku Dresden kuli bwalo la dzina la Jorge Gomondai. Ku Berlin msewu umene dzina lake linali lonyoza anthu akuda unasinthidwa mu 2025 kukhala wa Anton Wilhelm Amo, wa ku Ghana amene ankaphunzitsa pa mayunivesite a Halle ndi Jena m'zaka za m'ma 1700. Aminata Touré, mwana wa othawa kwawo ochokera ku Mali, anakhala nduna m'chigawo cha Schleswig-Holstein mu 2022. Ndipo ku Halle komweko, kum'mawa, anthu anatumiza ku nyumba ya malamulo Karamba Diaby, wobadwira ku Senegal, amene anafika ku East Germany ngati wophunzira m'ma 1980. Analowa mu 2013, n'kusankhidwanso kawiri. Mu January 2020 anapeza mabowo a zipolopolo pa zenera la ofesi yake. Mu 2023 ofesi yomweyo inatenthedwa. Mu 2024 analengeza kuti sadzaimanso. Anati akufuna nthawi yokhala ndi banja lake ndi kupereka mpata kwa achinyamata, koma sanabise kuti makalata omuopseza, iye ndi antchito ake, anali atachuluka kuposa kale.